Laputopu Yokana Kufa

Telala anafika pashopu ya mlamu wake atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala, nkhope ili ya pamaliro, koma mumtima akupempha chinthu chimodzi chokha: kuti isayake. Mkucha kunali phwando lokumbukira ukwati wa apongozi ake, ndipo iye, ndi pakamwa pake pomwe, anali atalonjeza banja lonse kuti akonza vidiyo ya zithunzi zakale yoti anthu akaonere. Mwezi unatha asanaiyambe n'komwe, ndiye mkazi wake atafunsa, anangoti laputopu yafa.

Chimene anaiwala n'chakuti mkazi wakeyo anali ndi mlongo wokonza makompyuta. Mlongoyo kwawo ankamutchula kuti Ndendende, chifukwa ukamufunsa kuti wadzuka bwanji ankakufotokozeradi, kuyambira msana mpaka bondo. Munthu wotere sungamunong'oneze kuti akuthandize bodza. Lisanalowe dzuwa amakhala atakaulula kwa achemwali ake, mawu ndi mawu.

"Alamu, ndabwera ndi maliro," anatero Telala, akuiika pathebulo pakati pa mawaya ndi tizitsulo.

"Achemwali andiimbira kale. Akuti musatuluke muno isanayake."

"Aa, musadzivutitse. Iyi yapita. Ingowauzani kuti yafa, nkhani ithe."

"Yafa bwanji?"

"Kufa kumene. Ukadina batani, zii."

Ndendende anadina batani. Laputopu inayaka, n'kuimbanso kanyimbo kake kolonjera.

"Yayaka," anatero.

"Ikunamizira."

"Laputopu sinamizira, alamu."

"Yakuonani inu. Ngakhale dzino, likamva fungo la chipatala limaleka kuwawa."

"Dzino lili ndi mitsempha. Iyi ili ndi mawaya."

Telala anakoka mpando n'kukhala. Anaona kuti lero kunali ntchito.

"Dikirani muone. Ikangotha kamphindi imazima yokha."

Anadikira. Onse awiri maso ali pasikirini, ngati anthu odikira mwana kuti ayetsemule. Panja wogulitsa matsache anadutsa akufuula, n'kubweranso ulendo wachiwiri. Laputopu inangokhala ili ngwee.

"Batire langotsala ndi moto wochepa, basi," anatero Ndendende. "Tchaja ili kuti?"

"Aa! Ndaiwala kunyumba!" Telala anadzimenya pachipumi. Tchajayo anali ataikwirira yekha m'thumba la zigamba. "Ndiye poti palibe tchaja, palibenso chochita. Ndibwera sabata yamawa."

Ndendende anakoka kabati. M'katimo munali matchaja opiringizana, odzaza tho.

"Yamutu woonda kapena wonenepa?"

"Yake ndi yapayokha. Sipezeka."

"Woonda," anadziyankha yekha, n'kuilowetsa. Kanyali kanayaka. "Ikudya bwinobwino."

"Kudya kokha kodi? Nanga kutentha? Alamu, chinthu ichi chimatentha! Dzana ndinasitira kolala ya shati."

Ndendende anaimitsa manja.

"Inawongoka?"

"Chiyani?"

"Kolalayo."

"N'chitsanzo chabe, alamu."

"Oo. Chifukwa ikanawongoka, ndikanafuna ndione shatiyo. Mumaiika pati mukamagwiritsa ntchito?"

"Pamulu wa nsalu. Pofewa."

"Ndiye mukuitseka mphuno. Mpweya umalowera pansi apa." Anaitembenuza, natenga kapampu ka labala, n'kupopera m'timabowo ta m'mbali. Munatuluka fumbi, kenako ulusi wofiira, wobiriwira, ndi kachidutswa ka lesi. Fani imene inkalira ngati chigayo inangoti phee. "Mwaimva?"

"Sindikumva kanthu."

"Ndi momwe imayenera kumvekera."

Telala anayang'ana laputopuyo ndi diso lomwe munthu amayang'anira mnzake womupereka. Anaibweretsa ili bwino, ndipo tsopano inali bwino kuposa tsiku lomwe anaigula.

"Kiyibodi," anatero. "Ukalemba chilembo ichi sichituluka. Munthu ungagwire ntchito bwanji chilembo chikusowa?"

Apa pokha sananame. Ndendende anatukula kabataniko ndi chikhadabo, n'kutulutsa phini wa mutu wachikasu.

"Wanu uyu?"

"Sindimudziwa."

"Ali ndi ulusi."

"Anthu ambiri ali ndi ulusi."

Ndendende anabaya phiniyo patepi yoyezera imene inali m'khosi mwa Telala, n'kudina chilembocho. Chinatuluka mzere wonse.

Pamphepete pa thebulo panali kapu ya tiyi amene Ndendende anamuiwala. Telala anaiona. Satana naye anaiona.

"Alamu, ndingofunsa. Laputopu itati yamwa tiyi, zingathe bwanji?"

"Wa shuga kapena wopanda?"

"Wa shuga."

"Imafa. Shuga amamata zonse m'katimu."

"Kufa kwenikweni? Kosadzukanso mpaka, tinene, Lolemba?"

"Mpaka kalekale. Mwachita bwino kundikumbutsa." Ndendende ananyamula kapu ija, kumwa tiyi yense wozizirayo, n'kukaiika pawindo. Chigongono cha Telala, chimene chinali chitayamba kale ulendo, chinabwerera chopanda kanthu.

"Nanga itagwa?"

"Siingagwe. Ndaigwira."

Anali ataigwiradi, ndi manja onse awiri.

Telala anapukuta thukuta. Anaganiza za apongozi ake aakazi, amene anamupatsa katoni ya zithunzi zakale zija akumuuza kuti mwa akamwini onse, wanzeru za makono ndi iyeyo. Anaganiza za akamwini enawo, momwe akasekere. Manyazi anamugwira, koma m'malo momubweza, anangomukankhira patsogolo.

"Chabwino, ndikuuzeni zoona," anatsitsa mawu. "Muli vayirasi."

"Mwaidziwa bwanji?"

"Ndimaimva. Imayenda."

"Imayenda pati?"

"M'katimu. Cha kumanzere."

Ndendende anaika khutu kumanzere kwa laputopu, n'kumvetsera ndithu. Kenako anatsegula pulogalamu yosaka mavayirasi. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

"Mulibe."

"Yabisala."

"Ikanabisala ikanalemba kuti yabisala. Alamu, tisataye nthawi. Njira yabwino yoyesera n'kutsegula ntchito yeniyeniyo. Vidiyo ya ababa ndi amayi ili mufayilo iti? Inenso mtima uli dyokodyoko kuti ndiione."

Madzi anafika m'khosi. Telala anayang'ana kudenga, kuchitseko, ndi kudenga kachiwiri.

"Ndi zomwe ndikunenazo. Vayirasi yadya."

"Yonse?"

"Ndi mafupa omwe."

Nkhope ya Ndendende inawala ngati wamva uthenga wabwino.

"Ndiye musadandaule! Chofufutika sichipita kutali. Chimakhala chili momwemo, dzina lokha ndi lomwe lachoka. Ndili ndi pulogalamu yofukula. Munaitcha chiyani?"

"Sindinaipatse dzina."

"Fayilo siikhala yopanda dzina."

"Ndimadikira apongozi adzaitche okha. Ulemu."

Ndendende anagwedeza mutu, kuvomereza kuti ulemu ndi wofunika, n'kuyamba kufukula. Panatuluka zithunzi za masitayilo a madiresi, nyimbo zakale, ndi masewera a makhadi amene Telala ankasewera mwezi wonsewo. Vidiyo panalibe. Anafukulanso. Panalibe. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Sizinandichitikirepo izi. Chinthu chimene chinalipo chimasiya phazi. Munaiona liti komaliza?"

Apa m'pamene Telala anaona kakhomo katatseguka, ndipo analowa ndi mapewa omwe.

"Lero m'mawa. Musanaipope."

"Ndisanaipope?"

"Sindikunena kanthu, alamu. Koma ndi ulusi uja, ndinaona ngati panatulukanso kanthu kena."

"Vidiyo siingatuluke ndi mpweya."

"Ine ndine telala chabe. Katswiri ndinu. Koma isanapopedwe inalimo, itapopedwa mulibe."

Ndendende anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kapampu kaja ngati mpeni wopha nawo munthu.

"Mayo ine. Vidiyo ya ababa ndi amayi. Inali yabwino?"

"Musandikumbutse." Telala anatseka maso, ndipo poti bodza likapeza mpando limatambasula miyendo, anapitiriza. "Imayamba ndi chithunzi cha tsiku la ukwati, chikubwera chozungulira. Kenako inuyo muli wakhanda, opanda kabudula. Pansi pake nyimbo. Ndinaimba ndekha."

"Munaimba?"

"Mawu awiri. Besi ndi tena."

"Ndiye ndapha chinthu chachikulu." Ndendende anatenga sikuludiraiva. "Ndichotsa hadi diski, ndikaiyese pamakina ena. Mwina ikadali moyo."

"Masulani, alamu! Masulani zonse! Musasiye kanthu!"

Masikuluu anayamba kugwera m'mbale. Chivundikiro chinachoka, batire linachoka, kiyibodi inagona chafufumimba pambali. Telala ankathandiza ndi mtima wonse, kuloza timasikuluu tina timene taiwalika. Kuyambira m'mawa, aka kanali koyamba kupuma bwino. Anayambanso kuimba kamluzu.

Pamakina enawo, hadi diski inalibenso vidiyo. Ndendende anatulutsa foni.

"Mukuimbira ndani?"

"Achemwali. Wolakwa ndine, ayenera kumva kwa ine."

Telala anamva kachisoni pang'ono, koma kachisoni kakeko sikanafike pakamwa.

"Halo, achemwali? Ndachimwa. Vidiyo ya alamu ndaifufuta ndi pampu... Eya, inalimo m'mawa... Akuti anaimba okha... Besi ndi tena." Anamvetsera. "Oo." Anamvetseranso nthawi yaitali. "Oo. Chabwino, ndiwauza."

Anaika foni pathebulo, n'kuyang'ana Telala ndi ulemu watsopano.

"Alamu, inu ndi akatswiri."

"Aa, pang'ono chabe."

"Akuti katoni ya zithunzi ija ikadali kunsi kwa bedi, yomanga ndi chingwe chomwe anamangira amayi. Mfundo yake ndi yomweyo. Munazilowetsa bwanji m'laputopu osamasula? Mundiphunzitse."

Kamluzu kanafera pamilomo.

"Anena zimenezo?"

"Akuti amaisesa mozungulira tsiku lililonse. Ali m'njira, akubwera nayo. Akuti akakupezani mwayambapo, ngakhale kulemba mutu wokha wa vidiyoyo, nkhaniyi ithera muno ndipo tithandizana tonse atatu. Koma akapeza sikirini ili bii, akupitirira nayo katoniyo kwa amayi, mukafotokoze nokha."

Zengerezu analinda kwawukwawu. Telala anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Bwezerani! Alamu, bwezerani msanga!"

"Zonse?"

"Zonse! Laputopuyi ilibe vuto lililonse!"

"Nanga vayirasi ya kumanzere?"

"Yasamuka! Mangani!"

"Kutentha kuja?"

"Kutenthako ndimakukonda! Alamu, manja anuwo afulumire, chonde!"

Ndendende anayamba kubwezera, Telala ali pamsana pake, kumupatsira zitsulo zosafunika ndi kusuzumira pakhomo. Pofuna kuthandiza, anakanikiza kiyibodi ndi chikhatho kuti ilowe msanga. Panamveka kaphokoso kakang'ono, thwa, ngati singano yothyoka.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Ndendende.

"Bondo langa. Yatsani!"

Ndendende anadina batani. Zii. Analowetsa tchaja, n'kudinanso. Zii. Anaika khutu kumanzere, kenako kumanja. Kutsidya kwa msewu, mayi wina wonyamula katoni anali akudikira kuti galimoto zidutse.

Ndendende anavula magalasi, n'kugwira dzanja la Telala ndi manja awiri.

"Alamu, mundikhululukire. Tsiku lonse ndakhala ndikukutsutsani pachabe. Munkanena zoona. Yafadi."