Tsiku Limene Mudzi Unandinyamula pa Chitseko

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga izi. Ine ndine Feston, mwana wa kuno ku Neno, kumapiri a kwa Nsambe. Ndikufuna ndikuuzeni mmene thupi langa lomweli, limene linandidyetsa ku America, linatsalira pang'ono kundipititsa kumanda, ndi mmene Mulungu anandilanditsira.

Ndinapita ku America ndili ku sekondale. Ananditenga ndi azakhali anga amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Ine ndine wamkulu thupi chibadwire, moti mphunzitsi wa masewero atangondiona anandikokera ku mpira wawo uja wovala zisoti, umene mpira wake ndi wosongoka ngati papaya. Musaganize kuti ndinkagoletsa zigoli, ayi ndithu. Ntchito yanga inali kuima pamzere wa kutsogolo ndi anzanga anayi, kutchinga kuti a timu inayo asamugwire mnzathu woponya mpira. Zaka zonsezo mpirawo sindinkaugwira n'komwe. Amayi anga ataona kanema pafoni anangoti, "Kodi anakutengera kutali konseko kuti uzikakankhana ndi anthu?"

Komatu kukankhanako n'kumene kunandiphunzitsa mpaka kukoleji. Pamalo amenewo munthu woonda alibe ntchito, ndiye ankatidyetsa ngati nkhumba zokagulitsa, mimba ifune isafune. Nditamaliza maphunziro, timu ina yaikulu inanditenga, koma ndinali m'gulu la ongothandiza pokonzekera, osalowa m'bwalo tsiku la masewero. Ndili mkati modikira mwayi wanga, mtsempha wa bondo unaduka. Anandichita opaleshoni, anandithokoza mwaulemu, basi ntchito inathera pomwepo. Dokotala anandiuza mosapsatira mawu kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, shuga wayamba, ndipo ndikapanda kuchepetsa thupi sindidzaziona imvi.

Nditabwerera kumudzi anandilandira ndi nthungululu. "Taonani thupi! Mwana wadya bwino uyu!" Amayi ankayenda monyadira, chifukwa chimwalirire bambo anali asanakhalepo ndi chowanyaditsa. Ine ndinayamba kutsatira malangizo a dokotala: kudya pang'ono, kusiya zokazinga ndi zotsekemera, kukwera mapiri m'mawa. Thupi linayamba kutsika, mathalauza n'kumakhwepa.

Mavuto anayambira pamenepo. Inu nomwe mukudziwa zimene anthu kwathu kuno amanena munthu akachokera kunja n'kuyamba kuonda. Manong'onong'o anayambira kuchigayo, anafika kumjigo, mpaka analowa m'tchalitchi. Wotsogolera misecheyo anali a Zidana, aneba athu oimba besi m'kwaya, bambo wamfupi koma pakamwa pakepo, ee! Iwo ankangoti, "Wabwera nako komweko ameneyo." Amayi anasiya kupita kumsonkhano wa amayi a mpingo. Tsiku lina ndinawapeza akulira kuseri kwa nyumba, ndipo anandiuza kuti, "Mwana wanga, ngati ukudwala ndiuze. Ngati sukudwala, idya, undichotse manyazi."

Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinapsa mtima ndi mudzi wonse. Ine munthu woimitsa ziphona ndinalephera kupirira misozi ya amayi anga. Ndinayambanso kudya zonse zimene ankandiikira: kachewere (mbatatesi) wokazinga, nyama ya nkhumba, thobwa lodzaza shuga. Thupi linabwerera, miseche inazilala, amayi anayambanso kuseka. Koma ine mutu unkangowawa, kachitunda kakang'ono ndili wefuwefu. Ndinkapemphera kuti, "Ambuye, ndisankhe chiti, moyo wanga kapena ulemu wa amayi anga?" Yankho silinkabwera, ndipo ndinayamba kuvomereza mumtima kuti ndifa.

Tsiku lina tikukumba kachewere kudimba, kumunsi kwenikweni kwa phiri, ndinamva chizungulire n'kugwa. Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Galimoto siifika kumeneko, ndipo panjinga yamoto sindikanakhazikika. Anamanga machira a mitengo ndi bulangete, mitengo inathyoka. Ndiye anathamangira kunyumba kukazula chitseko, n'kundigoneka pamenepo. Amuna a m'mudzi monse anasinthanasinthana kukwera nane chitunda, ena kuterereka, ena kubuula, ndipo a Zidana nawonso analipo mpaka phewa linasupuka. Anandifikitsa kuchipatala cha kwa Nsambe, kenako ambulansi inanditengera ku Boma. Madokotala anati akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.

Lamlungu loyamba nditatuluka m'chipatala, amayi anadzikakamiza kupita nane kutchalitchi. Nthawi ya zolengeza, a Zidana anaimirira popanda wowapempha. Mumtima ndinati lero ndiye andimaliza. Koma iwo anati:

"Abale, ine ndi amene ndinkafalitsa kuti Feston akubisa matenda. Ndinanama, mundikhululukire. Ndamunyamula paphewa ili, ndipo ndamva ndi makutu anga adokotala akunena kuti chikumupha ndi thupili. Amake Feston, chonde, musadzatisenzetsenso katundu ameneyu. Ndipo amene adzanene kuti Feston waonda, ayambe wabwera kwa ine ndimuonetse phewa!"

Tchalitchi chonse chinafa nalo phwete. Amayi ankaseka misozi ikutsika, ndipo ine ndinangowerama, manja kumaso. Ndinadziwa kuti pemphero langa lija layankhidwa, kudzera pakamwa pomwe paja pamene pankandilasa.

Chiyambire tsiku limenelo sindiyenda ndekha m'mawa. Abambo angapo a mpingo amandiperekeza, a Zidana patsogolo, akudandaula njira yonse kuti ndiwaphetsa. Amayi ndi amene amandipatsa kambale kakang'ono, masamba n'kuchulutsa, ndipo suti yanga anapita nayo okha kwa telala kuti akaichepetse. Magazi akuyenda bwino tsopano, shuga watsika, bondo nalo lapepukidwa. Ndimalima kachewere wanga ndipo ndimagona tulo.

Zaka zonse zija ndinkaima kutsogolo kutchinjiriza munthu wina kuti asagwetsedwe. Sindinkadziwa kuti tsiku lina Mulungu adzandiimikira anthu kutsogolo kwanga inenso, woyamba wake n'kukhala yemwe ankandinena. Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokoza azakhali anga, madokotala, ndi phewa lililonse limene linalowa pansi pa chitseko chija. Inu amene mwapanikizika pakati pa moyo wanu ndi pakamwa pa anthu, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera. Mulungu amatha kutembenuza lilime limene likukupwetekani kuti likuikireni kumbuyo.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wachibale wochokera ku Zalewa. Atandiona anagwira pakamwa, "Mayo ine, Feston waonda bwanji!" Ndisanatsegule pakamwa, amayi anayankha mokweza kuti ndi aneba omwe amve: "Eya, waonda mwana wanga, ndipo tikuthokoza Mulungu."

Inenso ndikuti ameni.