Mayi Marjorie Akusiya Kauntala ya ku Chileka

Bwana mkulu wa kampani yathu, a manijala athu a Melvin, abusa, akuluakulu amene mwachokera ku bwalo la ndege, a Pearson, amuna awo a Mayi Marjorie, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, anzanga a yunifomu imodzi, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse. Amene muli ndi mbale m'manja pitirizani kudya, sindikulandani.

Kwa amene simundidziwa, ndine Eddie. Ndagwira ntchito pakauntala imodzi ndi Mayi Marjorie kuyambira ndili ndi tsitsi. Onani mutu wanga lero, muwerengere nokha. Andiuza kuti ndiyankhule mwachidule, koma amene wandiuzayo ndi watsopano pantchito, sandidziwa.

Sitolo yathu ili mkati mwa bwalo la ndege ku Chileka, mukadutsa amene amadinda mapasipoti. Ndi ija amati dyuti fili, kutanthauza kuti katundu wake alibe msonkho. Ndikufotokoza dala, chifukwa abale anga a ku Bangwe mpaka lero amakhulupirira kuti “fili” ndiye kuti timagawa zaulere. Khirisimasi iliyonse amandiyang'ana m'manja.

Mayi Marjorie analowa m'sitolo imeneyi ali mtsikana, atangokwatiwa kumene. Ine kunalibe, koma a Kate amene anawaphunzitsa ntchito anandiuza zonse, ndipo a Kate ndi a kwaya, sanama. Akuti sabata yoyamba kunabwera bambo wina wa suti, wamtali, wofuna pefyumu. Mayi anatenga kabotolo koyesera, naimirira mwaulemu, nakanikiza. Kakamwa ka botolo kanali kataloza kwa iwo eni. Pefyumu yense m'diso! Koma Mayi sanathawe. Anapitiriza kugulitsa, diso limodzi lili psuu, misozi ili chuchuchu. Bambo uja anatulutsa kampango m'thumba n'kunena kuti, “Musalire mwana wanga, ndibweranso mwezi wamawa.”

Mayi, musabise nkhope. Sitinafike pa a Pearson.

Masiku amenewo pefyumu ankamuyesera pamkono. Kasitomala akafuna kumva fungo, wogulitsa ankapopera padzanja lake lomwe. Ndiye Mayi ankafika kunyumba akununkhira pefyumu wachimuna. Lolemba fungo ili, a Pearson chete. Lachiwiri fungo lina, a Pearson chete. Pofika Lachisanu anakanika kupirira. Anaika sipuni pansi n'kufunsa mwaulemu wonse wa mkulu wa mpingo kuti, “Mayi, ndingofuna kudziwa. Amuna ake ndi angati?” Mayi anayankha kuti, “Zimatengera ndege zatera zingati.” A Pearson, ndanama? Mwaona, akugwedeza mutu. Banja lija ndi ili, lakhala patebulo lapamwamba ndi zidzukulu.

Koma chimene a Marjorie amadziwika nacho ku Chileka si zimenezo. Amadziwika kuti ndi wogulitsa amene amaletsa anthu kugula.

Ine nditangoyamba ntchito ndinkaganiza kuti makutu anga ali ndi vuto. Munthu walowa, watola chokoleti chodzaza manja, wafika pakauntala. Mayi amamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, “Mtengo wa m'tauni mukuudziwa?” Munthu uja ayi. Iwo, “Ichi ku Limbe n'chotsikirapo. Kupanda msonkho sikutanthauza kutchipa. Mukafuna kupindula muno gulani zimene msonkho wake umaluma kunjaku.” Wina watenga botolo la wisiki chifukwa chikwangwani chalembedwa zazikulu. Mayi amatembenuza botolo n'kumuonetsa kukula kwake, kuti ayerekeze ndi linzake. Munthu wa mvano ameneyu, mowa sanaulawepo, koma afunseni botolo liti likuyenera mtengo wake, mudzadabwa. Abusa, ndikutsimikiza, sanaulawepo.

Ndiye pali funso lawo lina lija: “Mukasintha ndege kuti?” Munthu akati ku Joni kapena ku Addis, Mayi amamuchenjeza kuti zamadzimadzi angakamulande posintha ndege ngati sizinamatidwe bwino m'pepala lake, ndiponso kuti dziko lililonse lili ndi malire a zimene munthu angalowe nazo. Ena ankawauza mosabisa kuti, “Inu simukufuna kanthu, mwangotopa kudikira ndege. Pitani mukamwe tiyi.” Ndipo ankapitadi kukamwa tiyi!

A Melvin atabwera kudzakhala manijala anapirira mwezi umodzi basi. Kenako ndinawamva akunena kuti, “Mayi, ife tinalembedwa kuti tigulitse, osati kupereka uphungu.” Mayi anati, “Bwana, ndikugulitsa. Kungoti ndikufuna munthuyo akafika kumene akupita asanditukwane.” Ndipo a Melvin sankalakwa, ndinene pamaso pawo. Sitolo siyenda popanda kugulitsa, ndipo malipiro athu amachokera momwemo. Awiriwa akangana nkhani imeneyi zaka zonsezi, palibe wagonja. Chimene ambiri simudziwa n'chakuti mtengo wa khalidwe limeneli ankaulipira ndi Mayi eni ake. Ife timalandira komishoni pa zimene tagulitsa. Ya Mayi inkakhala yowonda kuposa ya tonse, ana ali pasukulu. Sindinawamvepo akudandaula.

Tsopano ndiloleni ndisiye nthabwala pang'ono. Pali nkhani imodzi imene ndinaiona ndi maso anga, ndipo ndapempha chilolezo kwa mwini wake kuti ndiinene.

Linali tsiku lotentha, mwezi wa Okutobala, anthu akudikira ndege ya masana. Munalowa bambo wina ndi mkazi wake. Bamboyo anali a Mahmud a ku Kanjedza, dalaivala wa malole akuluakulu aja opita ku Beira. Mkazi wawo a Sabiha. Mayina ndinawadziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinangoona munthu wamkulu thupi koma woyenda pang'onopang'ono, atavala masilipasi chifukwa mapazi anali otupa, nsapato sizikanalowa. Ankapita ku India kuchipatala. Impso zinali zitasiya kugwira bwino ntchito. Abale ndi anzawo a ku mzikiti anali atasonkha kuti ulendowo utheke.

A Sabiha anaima pakhomo, akuoneka kuti sakufuna n'kulowa komwe. A Mahmud anapita molunjika pashelefu ya pefyumu wa amayi, naloza botolo lalikulu kwambiri, lija timaliika pamwamba kuti anthu azingoliona. Anati, “Ndipatseni ilo.”

Ine mtima unadumpha, chifukwa botolo limenelo likagulidwa mwezi umakhala wabwino. Koma anali kasitomala wa Mayi. Iwo anatsitsa botolo, naliika pakauntala, n'kufunsa kuti, “Mukugulira ndani, bambo?”

“Mkazi wanga uyo. Chikwatirane sindinamugulirepo chinthu chooneka. Ndimangobwera ndi matumba a mpunga.”

A Sabiha ali pakhomo pomwepo anati, “Bambo, tiyeni tikakhale pansi. Ine sindinapemphe.”

“N'chifukwa chake ndikugula,” anatero a Mahmud.

Mayi anawayang'ana nkhope, nayang'ana mapazi aja. Anafunsa kumene akupita ndiponso kuti akakhala nthawi yaitali bwanji. A Mahmud anati madokotala anena mwezi umodzi. Pamenepo Mayi anawerama, natulutsa kabotolo kakang'ono ka pefyumu yemweyo, nakaika pambali pa lalikulu lija. Anati, “Fungo ndi limodzi, bambo. Tengani aka. Yotsalayo musunge.”

Anzanga, munthu uja anakwiya. Mawu anakwera mpaka a m'sitolo yoyandikana nayo anasuzumira. “Mayi, mukundiona ngati wosauka? Ndalama ndi yanga! Ndaigwirira ntchito pamsewu, ndikugona m'lole!”

Ndikanakhala ine ndikanangokulunga botolo lija n'kunena kuti yendani bwino. Mayi sanasunthe. Anayankha motsitsa mawu, moti ndinamva ine ndekha amene ndinali pafupi. Anati, “Ayi bambo, sindikukuonani ngati wosauka. Ndikuona munthu amene akupita kutali ndi mkazi amene sadziwa aliyense kumeneko. Inu mukagona m'chipatala. Nanga awa akagona kuti? Akadya chiyani? Mwezi wa madokotala nthawi zina umatalika.”

A Mahmud anagwira m'mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri. Ndinaona kuti munthuyu si kuti sankadziwa zimenezo. Ankazidziwa bwino, n'chifukwa chake ankafuna kugula botolo lalikulu nthawi ikadalipo. Mayi nawonso anaona. Anangotenga kabotolo koyesera n'kuwapatsa m'manja, nati, “Aitaneni. Muwapopere nokha.”

A Sabiha anabwera mwamanyazi. Mwamuna wawo anawagwira dzanja, nawapopera pamkono. A Sabiha ananunkhiza, naseka, kenako anabisa nkhope mumpango. A Mahmud anati, “Kulungani kakang'onoko.” Potuluka anatembenuka n'kunena kuti, “Mayi inu ndinu ovuta.” Mayi anati, “Amatero ambiri. Mukachire, bambo.”

Miyezi inadutsa. Mvula inagwa, inatha. Tsiku lina mlonda anabwera kudzanena kuti kunja kuli mayi wina wakhala pabenchi kuyambira m'mawa, akufuna “mayi wa magalasi wa m'sitolo ya mkati”. Mukudziwa kuti kwathu kuja munthu wopanda tiketi salowa. Mayi anatuluka pa nthawi ya nkhomaliro, ine ndinawaperekeza. Anali a Sabiha, ali okha.

A Mahmud sanabwerere. Mwezi umodzi uja unasanduka miyezi itatu, ndipo anamwalirira komweko, naikidwa komweko. A Sabiha anatiuza kuti ndalama zimene abale anasonkha zinatha mwezi wachiwiri. Anthu ena amene anapita ndi odwala awo ankabwerera kumudzi, kusiya wodwala yekha, chifukwa chosowa polipira malo ogona. Iwo chimene chinawasunga m'kachipinda ka pafupi ndi chipatala masabata omaliza ndi ndalama ija inatsala atagula kabotolo kakang'ono pakauntala yathu. Anati, “Tsiku limene ankatisiya ndinali pambali pawo. Ndinawagwira dzanja. Akanagula botolo lija ndikanamva uthenga pafoni ndili ku Kanjedza.”

Mayi anangokhala pabenchi paja n'kuwakumbatira, awiriwo n'kumalira, anthu a masutikesi akudutsa. Ine ndinapita kukayang'ana ndege imene kunalibe.

Loweruka lotsatira Mayi anakwera minibasi kupita ku Kanjedza kukapepesa maliro, atanyamula shuga ndi buledi. Kuyambira pamenepo awiriwa sanasiyane. Pa Idi mbale ya mpunga wa pilawu imafika kwa a Pearson. Pa ukwati wa Chisangalalo, mwana woyamba wa Mayi, amene ankayang'anira kukhitchini anali a Sabiha. Ndipo lero ali nafe muno. A Sabiha, simukuyenera kuimirira, tangokwezani dzanja anthu akuoneni. Ndi awo, akhala pafupi ndi zidzukulu. Zikomo mayi pondilola kunena nkhani yanu.

Mayi Marjorie, tsopano ndiyankhule ndi inu.

Zikomo. Zaka zoposa makumi atatu mwakhala mukudzuka kusanache ku Nancholi, minibasi yoyamba kufika m'tauni, yachiwiri mpaka ku Chileka, mvula kaya dzuwa, mafuta akasowa n'kuyenda wapansi mpaka mutapeza chokwera. Mwaimirira pakauntala mpaka mawondo anayamba kudandaula. Nthawi ya mliri ija, ndege zitasiya kutera, tonse tili pakhomo osadziwa ngati ntchito idzakhalapo, ndinu amene munkatiimbira foni mmodzimmodzi kufunsa ngati ana adya. Mayi anga atamwalira munafika ku Bangwe ine ndisanauze munthu wa kuntchito, mpaka lero sindidziwa amene anakuuzani. Atsikana ndi anyamata amene mwawaphunzitsa ntchito ali muno ambiri, ena ndi mabwana kwina. Tonse munatiphunzitsa kuyang'ana munthu kaye tisanayang'ane chikwama chake.

A Pearson, tikukubwezerani mkazi wanu. Tinamubwereka ali mtsikana, tikumubweza ali agogo, mutikhululukire. Ana inu, mayi anu atopa, ngakhale sangavomere. Musawasandutse wolera ana wa ulere. Zidzukulu zizibwera kudzacheza, madzulo zizipita kwawo.

Ndipo inu Mayi, Lolemba likubwerali kondakitala akayamba kukuwa pamsewu kuti “Tauni! Tauni!”, musadzuke. Kokani bulangete. Dzukani dzuwa litafika pakhonde, mumwe tiyi wanu mutakhala pansi, wotentha, mpaka kapu ithe, popanda wokuitanani. Mulungu akupatseni thanzi ndi zaka zambiri zoti mudye za thukuta lanu. Ife ku Chileka tidzakusowani kwambiri, ndipo sindikunena mwamwambo chabe.

Anzanga, ikani mbale pansi tsopano. Tiyeni tonse tiimirire. Amayi, nthungululu zija musasunge. Tiwombe m'manja mwamphamvu, Mayi Marjorie amve kuti anagwira ntchito pakati pa anthu!