A Tiyesenso ndi Nkhalamba ya Kumadzi

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961, ali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, ndipo banja ndilo landituma.

Sukulu anayamba mu 1968. Dzina loti a Tiyesenso, lomwe ambiri mukuwadziwa nalo, analitola ali ku sekondale. Samu akaipeza ankaibwerezanso, chitseko akakhoma ankabwerera kukachigwedeza. Ife tinkawaseka, iwo osatekeseka. Mu 1985 anamaliza maphunziro a zamagetsi ndi makompyuta, ndipo chaka chomwecho analembedwa ntchito kumalo oyeretsera madzi a m'tauni muno.

Mu 1989 anamanga banja ndi alamu angawa, omwe nthawiyo ankasoka zovala. Tsiku la ukwati tonse mitima inali m'mwamba, kuopa kuti abusa akafunsa, mkwati apempha kuti funsolo liyesedwenso. Pokhapo ndi pamene anayankha kamodzi. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1997 kuntchito kwawo kunabwera kompyuta yoyeza mankhwala othira m'madzi. Mankhwalawo akachepa, tizilombo timadutsa n'kufika m'mipopi mwathu. Akachuluka, madzi amasanduka poizoni. Malemu ndiwo anaiika kompyutayo m'kachipinda kopanda zenera, pafupi ndi mapampu, ndipo pambuyo pake anzawo anaitcha Nkhalamba.

Apa ndifotokoze pang'ono, monga iwo ankandifotokozera. Kompyuta iliyonse ili ndi pulosesa, kachipangizo kamene kamawerengera zonse, ndipo mapulosesa ali mitundumitundu. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa Nkhalamba imalembedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri mothandizana, poti mutu umodzi susenza denga. M'pulogalamumo muli mayeso oona ngati kompyuta ikusunga bwino manambala mu memori yake, kuti ikasunga 2 isadzabweze 20. Mtundu uliwonse wa pulosesa uli ndi chigawo chake m'mayesomo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mlonda wake, munthu wochiyang'anira ndi kuchikonza. Kuyambira 2003, mlonda wa chigawo cha mtundu wa Nkhalamba anali malemu. Anagula kompyuta ina yofanana nayo n'kuiika m'chipinda cha alendo, ndipo Loweruka lililonse ankayendetsa mayesowo. Alendo ankagona pabalaza. Alamu ankati analowa mitala osafunsidwa.

Mu 2012 fakitale inasiya kupanga mapulosesa amenewo. Ena onse amene ankathandiza pachigawocho anachoka mmodzimmodzi, malemu n'kutsala okha. Mu 2021 anapuma pantchito, koma ulondawo sanausiye.

Mantha analowa m'nyumba mwawo mu Malichi 2023. Loweruka lina mayeso anatha msanga kwambiri, zonse zikuonetsa kuti zili bwino. Wina akanaomba m'manja. Iwo anati tiyesenso. Atafufuza anapeza kuti pulogalamuyo itasinthidwa kwina, mayeso a chigawo chawo ankangodumphidwa, koma pamapeto n'kulemba kuti apambana. Zinali zitakhala choncho kwa nthawi, palibe anadziwa. Alamu akuti anawapeza atakhala pampando, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kapu ya madzi imene mdzukulu anali atangomwera. Tsiku lomwelo analamula kuti m'nyumbamo madzi akumwa aziwiritsidwa.

Anayesa kukonza. Ali mkati, kompyuta ya m'chipinda cha alendo inazima osadzukanso. Anafunsa zipangizo kulikonse, koma sizinapezeke. Popanda makina oyeserapo, panalibenso njira yodziwira ngati mayesowo akunena zoona.

Anapita kwa akuluakulu a kumadzi kukapempha kuti Nkhalamba isinthidwe. Anawalandira mwaulemu ndithu, tiyi n'kuwapatsa. Koma yankho linali lakuti mtundu wa kompyutayo udakalipo m'mayeso, ukupambana, ndipo dzina la mlonda wake ndi lawo lomwe. Asinthirenji chinthu choti mwiniwake akuchichitira umboni? Malemu anabwerako chimanjamanja. Anandiuza kuti dzina lawo lasanduka chotchinga m'maso mwa anthu, ndipo tsoka silinunkha. Kuyambira pamenepo, akamva kuti mwana wa m'dera lino watsegula m'mimba, ankafunsa mpopi umene anamwako. Chakudya chinasiya kulowa.

Njira inatsala imodzi, yochotseratu chigawocho m'mayeso kuti pasakhalenso pobisala. Koma chinali ntchito ya manja awo ya zaka makumi awiri. Anazengereza, ndipo sitingawadzudzule. Ankati mwina makina ena apezeka.

Pa 14 Novembala 2024 anagwa m'bafa. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Tinkaona mantha m'maso mwawo, ife n'kumawalimbitsa mtima kuti achira. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsiyu, ndiye anazindikira kuti si imfa imene ankaopa. Pakati pa olemba pulogalamu aja pali mwambo wakuti chigawo sichichotsedwa mlonda wake asanavomereze. Mlonda akamwalira osanena kanthu, anthu amachita ulemu, amadikira kuti mwina wina atenga udindowo, ndipo chigawo chamasiye chimatha kukhala zaka osakhudzidwa. Malemu ankadziwa kuti akapita ali chete, bodza lija lipitirira m'dzina lawo, ife tikumwa.

Atatuluka m'chipatala mu Januwale chaka chino, anapempha laputopu. Mwana wawo wamkazi uja ankaigwira, iwo akuloza ndi chala chakumanzere mizere yoti ifufutidwe. Ankatopa msanga. Tsiku lina ankachotsa pang'ono n'kugona, tsiku lina mutu unkakana. Tonse tinkawerenga mpweya wawo, kuopa kuti uthera panjira. Mzere womaliza unali wa dzina lawo monga mlonda. Mwanayo anafuna kuwathandiza, iwo anamukankha dzanja, n'kufufuta okha. Kenako, ndi lilime lolemeralo, anamuuza kuti awerengenso zonse kuyambira pamwamba. Anawerenga kawiri, ndipo anatumiza kwa olemba pulogalamu aja.

Yankho linachedwa. M'mawa uliwonse ankayang'ana mwana wawo, iye n'kupukusa mutu. Pa 3 Febuluwale matenda anakula, tinabwerera nawo kuchipatala. Lachinayi masana uthenga unafika wakuti kusinthako kwalandiridwa, chigawocho chachotsedwa, ndipo anzawo a kutali akuwathokoza. Mwana wawo anawawerengera kukhutu. Anafinya dzanja lake. Loweruka m'mawa, pa 8 Febuluwale 2025, anatisiya.

Asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zinayi, mlongo wawo mmodzi ndi ine. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, anansi amene ankasinthana nafe kuchipatala, ndi anzawo a kumapampu amene anyamula bokosi. Tikuthokozanso akuluakulu a kumadzi, omwe abwera ndipo atiuza kuti, poti umboni uja kulibenso, aitanitsa makina atsopano, ndipo padakali pano antchito akuyeza mankhwala pamanja.

Koma makinawo sanafike. Pamene tili pano, Nkhalamba ikulirabe m'kachipinda kaja, ndipo palibe munthu padziko amene angalumbire kuti manambala ake ndi oona. Ine ndikuopa, sindibisa. Madzi amene akuzungulira m'ndowazo imwani momasuka, alamu anawiritsa okha m'mawa uno, anakana kuti wina awalandire ntchitoyo. Mukafika kwanu muziwiritsanso mpaka tidzamve kuti zasintha. Limenelo ndilo pempho la malemu.

Achimwene, chitseko mwakhoma, ndipo tachigwedeza, n'chokhoma ndithu. Musabwererenso kudzachiona. Mzimu wanu uuse mumtendere.