Nyimbo Imene Inakweza Achemwali Galimoto

Zaka zija za chipani chimodzi, ine ndili mtsikana wongoyang'ana mitambo pamapiri a ku Matandani, panalibe wofuna mpando amene ankaimirira pamsonkhano n'kulonjeza fizi ya kuyunivesite monga mukumvera pawailesi masiku ano, chifukwa boma linkalipira lokha, chakudya ndi pogona pomwe, koma osankhidwa anali ochepa, ndipo tinkamva kuti ukachedwa malo ako amapita.

Achemwali anga, a Esinati, anasankhidwa. Kalata inatipeza Lachisanu, ikuti akafike ku Zomba Lolemba. Musaganize za minibasi, ana inu; mlungu unkatha osamva kulira kwa injini.

Koma Loweruka kunkabwera mkulu wa chipani kudzatisonyeza oimira chisankho, ndipo ankabwera pagalimoto. Nthawi imeneyo dandaulo sunkalinena poyera, ukanagona kwina. Amayi a m'mudzi ankalilowetsa m'nyimbo, pakati pa mayamiko, n'kumavina ngati palibe kanthu.

Mayi Nachisale, otsogolera nyimbo, anandikokera kuseri kwa tchalitchi. "Iwe wokulira pa ndagi za agogo ako, tapeka mzere. Koma ukatimangitsa, ine sindikudziwa, wamva?"

Ndiye tinalowa m'bwalo, fumbi koboo, ine n'kuyambitsa nyimbo:

"Boma laitana mwana wathu ku Zomba, tathokoza!
Kalata ili m'manja, chokwera palibe, tathokoza!"

Mkulu uja anakweza dzanja, ng'oma zinati zii.

"Wapeka nyimboyi ndani?"

Bambo anga anagwetsa nkhope pansi. Mayi Nachisale anayamba kukonza duku lomwe linali lokhala kale bwino. Ine ndinagwada.

"Ndine, bwana."

"Kodi ukudandaula?"

"Ayi bwana, ndikuthokoza. Kungoti achemwali akayenda wapansi, boma liwadikira mpaka Lachinayi."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ine ndikulowera ku Zomba komweko, koma kumbuyo kwa galimotoko kwadzaza mphatso zanu zomwe. Ngati wophunzirayo sanyansidwa ndi mbuzi, akatenge katundu wake."

Eti achemwali anapita kuyunivesite atakhala pathumba la mbatata ya kachewere, dzanja lina chingwe cha mbuzi, dengu la mazira pamiyendo, ndipo galimoto isananyamuke anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Mng'ono wanga, ndikakusungira bedi." Ine sindinakafikeko, sukulu inandithera pa Folomu 2, koma pa holide iliyonse ankandibweretsera mabuku, ndipo anaphunzitsa ana ambiri mpaka tsiku limene tinawaika kuseri kwa tchalitchi komwe kuja.

Lero a ndale akubwera okha kudzakulonjezani ngongole ya sukulu, ndipo mukhoza kuwafunsa maso ndi maso osagwada, osabisa mawu m'nyimbo. Afunseni mofatsa basi, ana anga, za mwana wa kuno kumapiri amene kalata ili m'manja koma chokwera alibe. Ndipo mnzanu akaimirira kufunsa, inu musayambe kukonza duku.