Mnzanga Anandikana Nditapambana Mpikisano wa M'phiri

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi athu, landirani moni wanga. Inu mwapalasa njinga kuchokera ku Mongue ndi ku Majaua, Mulungu akudalitseni. Aleluya!

Dzina langa ndine Zakariya. Ambiri mumandidziwa ngati bambo uja amathamanga m'phiri Loweruka lililonse. Ena mumandiseka, ndikudziwa. Lero ndikufuna mumve kumene ndachokera.

Ine ndinabadwira konkuno ku Milanje, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu, makolo anga anatsikira kuli chete, ine nkuthawira ku Malawi ndili mnyamata. Tinathawa awiri, ine ndi Domingu, mwana wa khomo loyandikana ndi lathu. Domingu anali atabayidwa ndi chitsa, phazi litatupa. Pa mtsinje wa Muloza madzi anali m'chiuno. Ndinamubereka, abale. Ndinamubereka kumsana ngati khanda mpaka tsidya lija.

Ku kampu ya othawa nkhondo tinkagona chisakasa chimodzi, kufunda bulangete limodzi. Kuthamanga tinayambira kumeneko. Poyamba sanali masewera ayi. Nkhuni zinali kutali, ndipo wochedwa ankapeza anzake atatola zonse. Ndiye tinkathamanga. Kenaka tinazolowera, nkumathamanga ngakhale tsiku limene nkhuni zilipo. Ku kampu munthu umangokhala. Kudikira chakudya, kudikira nkhani za kumudzi, kudikira basi. Koma ukalowa m'kanjira ka m'tchire nkuyamba liwiro, umaiwala kuti ndiwe wothawa kwawo.

Mtendere utabwera tinabwerera. Ine ndinabwera ndi mkazi wanga Rozina, amene ndinamukwatira ku kampu konko, ndi mwana wathu Tereza ali kumsana. Tinapeza mabwinja okhaokha. Nyumba zitagwa, minda itasanduka thengo, tiyi wa m'minda ikuluikulu ija atatalika ngati mitengo ya m'nkhalango. Tinayambiranso. M'mawa kuswa mphanje, masana kuumba zidina, dzuwa likapendeka ine ndi Domingu m'phiri. Tinkatsata njira zokhazo zimene anthu anali atapondamo kale, chifukwa mabomba okwirira anali asanachotsedwe onse. Tinali osauka, koma tinali osangalala. Tinali kwathu!

Chaka china kunabwera azibambo awiri kuchokera ku Kelimane. Anati akufuna wothamanga mmodzi wa dera lino, akamuphunzitse kumzinda, azikapikisana ndi a madera ena. Mmodzi yekha. Anakonza mpikisano: kukwera phiri, kudutsa m'tiyi, kutsikira kumsika.

M'mawa wa tsikulo Domingu anandigwira paphewa.

“Achimwene,” anatero, “apambane ndinu, ndipambane ndine, tapambana tonse. Ife ndi amodzi.”

Ndinati, “Zoona, achimwene. Ife ndi amodzi.”

Abale, tsiku limenelo ndinathamanga! Miyendo inali ngati si yanga. Pokwera ndinkamva anthu akupuma movutikira kumbuyo kwanga, kenaka sindinamvenso aliyense. Potsika ndinkangolumpha miyala, mphepo ikulira m'makutu. Ndinafika kumsika ndili ndekha. Amayi ogulitsa tomato analulutira. Rozina anaponya chitenje m'mwamba. Domingu anafika wachiwiri, ndipo ndine ndinamupatsa madzi akumwa.

Azibambo aja anali ataika tebulo pansi pa mtengo wa mango. Wamkulu wawo anandiyankhula m'Chipwitikizi. Ine sukulu yanga yonse inali ya ku kampu, Chipwitikizi changa chinali chothyokathyoka. Koma ndinamva kuti akufuna bilyeti, chitupa chosonyeza kuti ndine nzika. Ndinalibe. Mapepala athu anapsera m'nyumba, ndipo ambiri obwerera tinali tisanatenge ena.

Bamboyo anati, “Palibe vuto. Alipo pano amene angachitire umboni kuti unabadwira kuno?”

Ndinaseka, abale. Ndinaseka ndithu! Ndinatembenuka nkuloza Domingu. Ndinati, “Uyu. Tinabadwira mudzi umodzi, amayi ake anandiyamwitsapo.”

Domingu anali nayo bilyeti, amalume ake anali atamuthandiza kutenga. Chipwitikizinso ankachitha. Anayandikira patebulo paja. Sanandiyang'ane. Anayankhula pang'onopang'ono, moti ngakhale ine ndinamva mawu alionse.

“Munthuyu ndinakumana naye ku kampu. Kwawo ndi ku Mulanje. Ndi Mmalawi.”

Abale! Alongo! Ndinayesa ngati makutu anga andinamiza.

Ndinati, “Achimwene, mwati chiyani? Domingu, ndi ine! Ndi ine Zakariya!”

Anangoyang'ana pansi. Mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu anakuwa kuti ndi bodza, mwanayu ndi wa malemu akuti. Koma ankakuwa m'Chilomwe, ndipo alendowo anali pachangu, galimoto yawo itaima kale pamsewu. Analemba dzina la Domingu. Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anakwera nawo. Ine nditaima pomwepo, thukuta la mpikisano lisanaume. Sanacheuke nkomwe.

Akanandibera mbuzi, ndikanapirira. Akanandidutsa m'phiri, ndikanamuwombera m'manja. Koma anandikana. Ku Malawi zaka zonse zija ankatitchula othawa. Ndabwera kwathu, pa nthaka imene makolo anga agona, ndipo munthu amene ndinamubereka kumsana akuti ndine mlendo. Nanga kwathu kunali kuti?

Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso m'phiri. Ndikaona phiri mtima unkawira. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinkati, Mulungu analipo pansi pa mango paja, bwanji anangokhala chete? Ndinayamba kachasu. Poyamba kapu imodzi kuti ndigone. Kenaka m'mawa, masana, tsiku lonse. Anzanga a kumowa ankandinyogodola kuti, “Wafika Mmalawi uja!” Ine nkumaseka nawo, mkati ndikulira. Mvula inagwa kawiri, munda wanga osapalira. Rozina ankalima yekha, ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Mwanayo anabadwa ine ndili kumowa.

Tsiku lina Tereza anadwala malungo, mpaka kukomoka. Rozina anandifunafuna. Anandipeza masanasana nditagona m'ngalande kuseri kwa msika, ntchentche zili mbuu kukamwa. Anandigwedeza, osadzuka. Ananyamuka yekha, khanda kumsana, Tereza m'manja, mpaka kuchipatala. Mwana anachira, Mulungu alemekezeke. Koma atatuluka, Rozina sanandiyankhulenso.

M'mawa wina ndinadzuka nyumba ili zii. Mphika palibe, mphasa ya ana palibe. Mayi wa khomo loyandikana anandiuza ali chotembenukira kumbali.

“Akazi anu apita kwa amayi awo. Ananyamuka dzulo. Ati musawatsatire.”

Kwa apongozi anga ndi kuseri kwa phiri. Kudzera mumsewu ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Njira yachidule inali imodzi, kanjira komwe kaja ndinalumbira kuti sindidzapondamonso. Sindinaganize zambiri. Ndinathamanga, wopanda nsapato.

Abale, thupi linali litatha. Ndisanafike pakati pa chitunda choyamba ndinasanza. Ndinagwa kawiri, bondo nkusupuka. Chifuwa chinkatentha ngati ndameza makala. Pamwamba ndinagwada, osati chifukwa chofuna kupemphera, koma miyendo inakana. Ndili chogwada choncho ndinalira. Ndinati, “Ambuye, Domingu anandilanda ulendo wa ku Kelimane. Koma mkazi ndi ana ndataya ndekha. Ndithandizeni.” Pemphero langa linali lomwelo basi.

Nditafika, apongozi anali pakhonde akusenda chinangwa. Ndinakhala pansi chapatali, monga mwa ulemu. Sanandipatse mpando.

“Mwadzatani, bambo a Tereza?”

“Ndabwera kudzapepesa, amayi.”

“Fungo lanu lafika kuno inu musanafike. Mwana wanga sindinamupulumutse ku nkhondo kuti adzafere m'manja mwa chidakwa.”

Rozina anatuluka m'nyumba. Anayang'ana bondo langa likuchucha magazi, nkufunsa kuti, “Mwadzera m'phiri?”

Ndinati, “Eya.”

Kenaka anati, “Ine sindibwerera. Malonjezo anu ndatopa nawo. Koma mukafuna kuona ana, muzibwera m'mawa, mame asanaume, pakamwa posanunkha. Tsiku limene mwamwa musavutike nkubwera.”

Kuti munthu ufike kuseri kwa phiri mame asanaume, nkubwerera kukalima munda wako, kuyenda sikungakwanire. Uyenera kuthamanga. Ndipo kuti uthamange chitunda chimene chija m'mawa, dzulo lake sungamwe. Ndinayesapo kamodzi, ndinathera panjira ngati galu wodwala. Ndiye ndinasankha. Masabata oyamba manja ankanjenjemera, mutu ukuwawa. Koma kukacha ndinkanyamuka. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera.

Mvetserani chimene Mulungu anachita m'kanjira kameneko. Pamsewu wosalala miyendo imathamanga yokha, mutu nkumalingalira za adani ako. M'phiri sizitheka. Apa muzu, apo mwala, apo matope oterera, apo mtsinje woti ulumphe. Ukangoti uganize za Domingu, wagwa chafufumimba! Ndinagwa kangapo, abale, mpaka ndinaphunzira. Maso pansi, mtima pa phazi lotsatira. Nthawi yonse imene ndinali m'njiramo, chidani chinkasowa pokhala. Kwa zaka ziwiri ndinali ndisanapumulepo ku nkhope ya munthu uja. M'phiri ndinkapumula.

Kenaka kukoma kunabwerera. Fungo la dothi lonyowa. Madzi ozizira a pakasupe, omwera m'manja. Anyani kukuwa m'mitengo ngati akundikalipira. Ukafika pamwamba nkuona nkhungu ili m'munsi mwako, mbali iyi Milanje, mbali iyo minda ya ku Malawi, ndipo palibe wokufunsa bilyeti. M'mawa wina potsika ndinadzimva ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ndinadabwa ndekha. Chakudya chinayamba kulowa. Tulo tinabwera popanda kapu. Khasu linapepuka m'manja. Aleluya!

Ndinathamanga choncho nyengo yonse ya mvula, mpaka chimanga chinacha. Tsiku lina ndikufika ndinapeza apongozi atandiyalira mphasa, Rozina atamanga kale katundu.

Rozina anati, “Tiyeni. Koma ife tiyenda, musatithamangitse.”

Abale, banja langa linabwerera! Bilyeti ndinakatenga, mayi wachikulire uja ndi amene anandichitira umboni. Mpikisano sindinalowenso. Koma kuthamanga sindinasiye, chifukwa ndinali nditadziwa kuti sindithamangira tebulo la munthu aliyense. Anthu anayamba kunditsatira. Oyamba anali azibambo opalasa njinga, aja amanyamula matumba a chimanga kupita kumalire. Anaona kuti akakwera phiri ndi miyendo, zitunda za pamsewu zimawapepukira. Kenaka amayi awiri a mumpingo muno. Tikatsika timakasambira padziwe, ena nkukwera njinga zawo kubwerera kwawo. Lero ndili ndi imvi, koma maondo anga ndi abwinobwino, chifukwa dothi la m'phiri ndi lofewa, silipweteka mafupa ngati phula. Ndili ndi ana asanu, munda wa chimanga ndi nandolo, nyumba ya malata. Kachasu sindinamulawenso.

Mukufuna kudziwa za Domingu. Anabwerako chaka chatha. Kumzinda anathamanga zaka zingapo, maondo nkuwonongeka, ndipo amene anamutenga aja anamusiya. Akuyenda ndi ndodo. Tinakumana pamsika, nkundipatsa moni ngati tinasiyana dzulo. “Mwaswera bwanji, achimwene?” Magazi anga anawira. Ndinayankha moni, nkuchokapo msanga.

Mwezi wathawu, Loweruka, tikusonkhana m'munsi mwa phiri, ndinangoona munthu akubwera, ndodo m'manja. Anaima chapatali. Anzanga onse anandiyang'ana, chifukwa nkhaniyi amaidziwa.

Domingu anati, “Kuthamanga sindingathe. Koma ndimati ndiyendeko pang'ono. Ndinalisowa phirili.”

Ndinathamanga mwaukali, kuwasiya onse kumbuyo. Pamwamba tinapumula, anzanga nkuyamba kutsika. Ine miyendo inakana kutsika. Ndinakhala pamwala. Dzuwa linakwera ndithu. Kenaka ndinamva ndodo ikugunda miyala, go, go, go. Anafika thukuta lili kamukamu, milomo itauma. Ndinamupatsa botolo langa la madzi. Anamwa. Kenaka tinatsika limodzi, pang'onopang'ono, ine patsogolo.

Sindinama m'nyumba ya Mulungu. Mpaka lero Domingu sananene kuti pepani. Mpaka lero ndikakumbuka mawu aja, pamtima pamabaya. Bala lilipo, abale, silinapole lonse.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene ananditola m'ngalande. Ndikuthokoza Rozina, uyo wakhala apoyo akubisa nkhope. Ndikuthokoza inu amene munandilandiranso popanda kundifunsa mafunso. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha: mundipempherere. Domingu wanena kuti Loweruka likubwerali abweranso, ndipo ine ndikufuna ndikapeze mphamvu zomudikira pamwamba paja.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen!