Kamfuti Kamene Kanatsala Kumanda

Chaka chimene matipate anangoyamba kumene, ine ndili ndi pakati pa mayi ako iwe Tadala, nguluwe zinali zisanathe m'mapiri a kwa Kasakula muno, ndipo ukabzala chinangwa unkadziwiratu kuti theka walimira izo. Lero mitengo munamaliza ndi makala, nguluwe mumangoiona m'buku la kusukulu. Manja asaime, ana inu, tonolani chimangacho, ine ndikufuna makutu okha.

Munda umene tinkalima unali wa malume anga a Layitoni. Iwo anamwalira ndisanakwatiwe, koma mowa wa chikumbutso chawo sitinafulule ayi, chaka chino njala, chaka chinacho matenda, mpaka zaka zinayi. Abale ena anaiwala dala, koma ine sindiiwala, ngakhale amene anadya chiwindi cha mbuzi pamaliropo ndingamutchule lero.

Ndiye kunabwera nguluwe imodzi yaimuna, yaimvi pamsana. Zinzake zimayenda m'gulu mobisala, koma iyi inkabwera yokha dzuwa lili paliwombo, osadya kanthu, kungofukula mizere, kenako n'kuima n'kumayang'ana kunyumba kwathu.

Agogo anu aamuna, bambo Makwinja, anali mlendo kuno, anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Anakabwereka kwa kapitawo kamfuti kowombera nkhanga, chipolopolo chake ngati njere ya nandolo.

Ndinati, "Abambo, kameneko n'kophera nguluwe? Kapena mukufuna kukaikanda pamsana?"

"Iwe dziwa za mtondo wako," anatero. "Konza mchere, lero udya nyama."

Ndinawatsata ndi mimba yangayo. Tinaipeza pakati pa munda, ndipo sinathawe. Anawombera, kamfutiko kanangoti thwa ngati nthambi youma, magazi n'kuyamba kutsika paphewa pa nguluweyo. Koma nguluwe ija sinalire, ana inu. Inatiyang'ana, inatsokomola kawiri, n'kutembenuka pang'onopang'ono kulowera kunkhalango ya kumanda. Mbalame zonse zinangoti zii.

Mukudziwa kuti kumanda munthu salowa asanapemphe kwa akuluakulu, ndipo mkazi sapondako pokhapokha pali maliro. Koma mlendo uja anangoona magazi pamasamba.

"Abambo, kumeneko sapitako! Bwererani!"

"Yavulala kale, ikagwa pompano."

Analowa. Ine ndinatsala m'malire mwa mitengo, mwana akugunda m'mimba, ndikuitana mpaka mawu anandiuma. Ndinkadikira kuti ndimva mfuti, kapena kukuwa kwa munthu wong'ambidwa ndi mano, koma ayi, kunalibe ngakhale tsamba logwedezeka. Mthunzi wanga unachoka kuphazi, unatalika kuposa ineyo, ndipo mumtima ndinayamba kudzifunsa kuti mwanayu ndidzamuuza kuti bambo ake anapita kuti.

Anatuluka dzuwa litapendeka, chimanjamanja, alibe bala, koma nkhope yatuwa ngati phulusa. Anakhala pansi pafupi nane, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kodi malume ako anali ndi khutu lakumanzere long'ambika?"

Khutu limenelo linang'ambika ndi waya malumewo ali mnyamata, koma agogo anu sanawaonepo malume, ndipo chithunzi chawo kunalibe.

"Ndayipeza itagona pamtumbira, khutu lakumanzere long'ambika, mutu uli kumene kumakhala mutu wa munthu," anatero. "Nditakweza mfuti, manja anakana."

Mawa lake ndinayenda khomo ndi khomo, abale onse anatulutsa chimanga, ngakhale aja ouma manja. Tinafulula mowa, akuluakulu anakapepesa kumanda, ndipo nguluwe ija sitinaionenso. Kapitawo anabwera molusa kudzafuna mfuti yake, koma atamulozera kumene ili anangovala chipewa chake n'kubwerera.

Agogo anu anakhala ndi moyo mpaka anakunyamula iwe Tadala, koma nyama ya m'tchire sanailawenso. Tsono inu, mukadzakwatira kapena kukwatiwa kwa eni, muyambe mwafunsa kumene anthu saponda, ndipo wina akadzakuitanani kuti bwererani, bwererani ndithu, nyamayo ipite.