Majini a Mufiriji

Apongozi atamva kutchalitchi kuti mkazi wa mwana wawo amaweta majini kuntchito, sanadikire basi yachiwiri. Anakamupeza mulabotale atavala jasi loyera, akudontheza timadzi m'timbale tagalasi.

"Iwe, ndiyankhe mosazungulira," anatero, chikwama atachikumbatira pachifuwa. "Zoti umagwira majini n'zoona?"

"N'zoona, amayi. Chaka chachisanu chino," anayankha mayiyo, poganiza kuti akufunsidwa za majini a sayansi, tizinthu ta chibadwa totengera kwa makolo.

Apongozi anaomba m'manja kamodzi. Mwana wopanda manyazi! Ena amayamba akana kaye.

"Ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira zimenezi? Umawasunga kuti?"

"M'maselo a anthu, mufirijimu. Akafunda amawonongeka."

"Mufiriji! Anzako amasungamo mkaka!"

"Mkaka saloleza muno, amayi."

"Aa, koma majini amaloleza! Nanga mwana wanga akudziwa?"

"Kwambiri. Nayenso ali nawo."

"Wamupatsa ndiwe!"

"Ayi, amayi. Theka munamupatsa ndinu."

Apongozi anafuna pokhala, koma mpando unali wamateyala, unathawa. Anagwira tebulo.

"Ine? Zaka makumi atatu ndikuimba kwaya, ine majini?"

"Muli nawo pafupifupi zikwi makumi awiri. Abusa nawonso chimodzimodzi."

"Tseka pakamwa! Ukwati uwu watha lero. Mdzukulu wanga ndikumutenga."

"Mumutenge bwino, amayi, nayenso ngodzaza. Mphuno ija ndi jini yanu."

Apongozi anagwira mphuno yawo, n'kuisiya msanga.

"Chabwino, namulondola iwe. Ukawagwira umawatulutsa?"

"Sitiwatulutsa. Timatumiza kapuloteni kokakhala pa jini imene tasankha. Yolongolola kwambiri timaitontholetsa, yogona timaidzutsa."

"Kudzutsa! Anzako akusala kudya kuti majini agone, iwe ukuwadzutsa?"

"Ina ikagona munthu amadwala, amayi."

Apongozi anatsonya mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Ananyamuka, nafika pachitseko, koma mwendo unakana kutuluka. Anabwerera chammbali ngati nkhanu.

"Wati yolongolola umaitani?"

"Timaitontholetsa."

"Osamupweteka mwiniwake?"

"M'mbalemu maselo sadandaula. Koma pa munthu sitinafike, tikadayesa."

Apongozi anayang'ana uku ndi uku, nakoka mpando uja, n'kukhala mwaulemu. Mawu anatsika.

"Mwana wanga, ukwati ndi kupirira, zija ndimangocheza. Mawa ndibwera nawo apongozi ako aamuna, olongolola aja. Ukayesere pa iwowo."